Mpata wa a Lázaro Pamzere wa Mganda

Malemu a Lázaro Faustino Chilombe anabadwa pa 9 Meyi 1988 ku chilumba cha Likoma, kutsidya mukukuonako, kumene ife a kuno ku Cóbuè tinathawira nkhondo. Bambo awo ndi a Faustino, amene akhala apo pafupi ndi bokosi. Mayi awo anali malemu a Celina, mlongo wanga. Ine ndine Timoteo, malume awo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Ansembe athu, mafumu, ndi inu nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano, mundikhululukire ngati pena ndituluka m'pepala. Mtima wanga wadzaza.

Chimene chinatithamangitsa kuno achikulire mukuchikumbuka. Mu 1986 anthu a mfuti analowa m'mudzi muno mamawa, galu osauwa n'komwe. Anapha a Gideoni, mng'ono wawo wa a Faustino, amene ankaimba ng'oma ku mganda. A Faustino anawakwirira okha mumchenga ndi nkhafi, kenaka tinawoloka.

Tinabwerera mu 1994. A Faustino anadzutsanso boma la mganda, ndiye kuti gulu la ovina, nakhala kingi wake. Makabudula oyera, masokosi ofika m'maondo, malipenga a zikho, mzere wowongoka ngati wa asilikali. Malemu ankaufuna mzere umenewo kwabasi, koma anabadwa ndi mphumu. Anapempha kangapo, ndipo bambo awo ankawabweza, amvekere mganda sufuna munthu amene chifuwa chake chimalira kuposa lipenga. Anthu ankaseka. Malemu ankakhala pansi pa mango uja wa kubwalo, n'kumangoyang'ana mapazi ndi mapewa a ovina, okhaokha.

Sukulu anayambira konkuno mu 1995. Mu 2003 anapita ku sekondale ku Lichinga, ndipo mu 2008 anapitirira ku Nampula kukaphunzira za makompyuta. Anamaliza mu 2012. Mwa ana onse a mtundu wathu, ndi iwo okha amene sanagwirepo khoka.

Mu 2013 anayamba ntchito ku kampani yaing'ono ya ku Brazil yopanga masewera a pa kompyuta, amene ana athu amati majogu. Ku Brazilko sanapondeko. Ntchito ankagwirira m'chipinda, anzawo n'kumangowaona pagalasi. Pano ndiime kaye, chifukwa ndamva zonong'onezana kuseli kwa nyumba, ati malemu ankangosewera, ena ati ankaphunzitsa anthu kupha. Ayi, abale, tisanamizire munthu wagona. Masewera amene ankapanga ndi aja wosewera amayendetsa munthu wa lupanga m'nthano, n'kumakumana ndi adani. Ena ankajambula, ena ankalemba nthanoyo. Gawo la malemu linali ndewu yeniyeniyo: lupanga lilemere bwanji m'dzanja, munthu akaphonya atenge nthawi yotani kuti aimenso bwino, kuzinda kutheke pati ndipo kukanike pati. Anaikamo kuti womenya azitopa, mpweya uzimuthera, aziima n'kupuma. Anzawo ankati zimenezo zikuchedwetsa masewera. Iwo anakakamira, poti za kutha kwa mpweya ankazidziwa kuposa onsewo.

Koma lamulo lawo lalikulu, limene anandifotokozera mpaka ine nkhalamba ndinalimva, linali ili: mdani asamenye asanaonetse. Asanaponye dzanja, phewa litsike, kapena phazi liponde, kapena mutu upendeke, kuti woyang'anitsitsa aone n'kudzipulumutsa. Ankati nkhonya yobwera mosachenjeza si masewera, ndi nkhanza. Anakangana ndi mabwana awo pa zimenezi, sanagonje.

Pa 16 Ogasiti 2014 anamanga ukwati ndi a Ines a ku Nampula, ndipo mu 2015 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Olga.

Pa Khirisimasi ya 2016 anabwera kuno ndi banja lawo, ali ndi chimwemwe, kudzaonetsa bambo awo ntchito ya manja awo. Anatsegula kompyuta pakhonde. A Faustino atangoona malupanga ndi munthu akugwa, anadzuka. Anati: ine ndinakwirira mbale wanga ndi nkhafi, iwe ukudyera nkhondo yoseweretsa? Anati chinthucho chisadzalowenso pakhomo pawo, ndipo ngati mwini wake sangachisiye, nayenso akhale komweko. Malemu anayesa kunena kuti bambo, taonani kaye pang'ono. A Faustino anali atatsikira kale kunyanja. Ine ndinawalondola. Ndinati alamu, nanga mganda mumavinawu si perete wa asilikali? Anandiyankha kuti mu mganda simufa munthu. Kuyambira tsiku limenelo, bambo ndi mwana sanalankhulanenso. Zimene ndikuwerengazi a Faustino azimva dzulo, ndipo anena okha kuti ndisadumphe mzere ndi umodzi womwe.

Mu 2018 mayi awo anatisiya. Malemu anabwera, ananyamula nawo bokosi, anagona kwa ine, m'mawa mwake anakwera chapa, minibasi ija, n'kubwerera. A Faustino anapinda kabudula wawo woyera chaka chomwecho, mganda n'kuusiyira achinyamata.

Mu 2019 banja la malemu linatha. Panalibe ndewu. A Ines akuti m'nyumba munangokula zii, munthu ali pomwepo koma ngati kulibe. Malemu anasamukira ku Lichinga, kumene anapeza chipinda kwa a Hamza. Anandiuza kuti akufuna kukhala pafupi ndi kwathu. Pafupi anafikadi, koma pakhomo ayi. Ankatsika mpaka ku Metangula, n'kukhala pamsika kufunsa asodzi a kuno ngati bambo awo akudya bwino, ngati bondo lawo lovuta lija lasiya kutupa, kenaka n'kubwerera tsiku lomwelo. Ankandiimbira foni Lamlungu. Mawu oyamba anali moni, achiwiri anali oti, kodi andifunsako? Ine bodza sindilitha. Ndinkangoti nyanja yavuta sabata ino.

Matenda anakula mu 2024. Kuzizira kwa ku Lichinga sikugwirizana ndi mphumu, tonse tikudziwa, ndipo ndinawauza kuti bwerani mudzakhale kwa ine. Anakana. Anati m'mudzi wa bambo awo sangalowemo pozembera, adikira kuitanidwa. Pa 2 Julayi 2025 m'mawa, a Hamza anadabwa kuti kuseli kwa khoma sikukumveka kutsokomola monga mwa masiku onse. Anathyola chitseko, anawapeza ali pansi, nathamanga nawo ku chipatala. Madokotala anayesetsa. Malemu anatsikira kuli chete tsiku lotsatira, pa 3 Julayi, ali ndi zaka 37. Pambali pa bedi panali a Hamza okha, munthu amene si mbale wathu, si wa mpingo wathu. Zimenezi zikundiwawa, ndipo zidzandiwawa mpaka nane ndidzagone.

Dzulo masana a Ines anafika ndi kompyuta ya malemu. Anagwada pamaso pa apongozi awo, nati bambo, mundikalipire ngati mufuna, koma muone. Ulendo uno a Faustino sanadzuke n'kuchokapo. A Ines anatsegula ndewu yomaliza ya m'masewera amene malemu anamaliza chaka chatha, mdani wovuta kuposa onse, amene akuti wasowetsa mtendere anthu m'maiko ambiri. Abale anga, tinaona nkhalamba yayitali, kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo, kumbuyo kwake mzere wa ovina. Isanamenye, phewa lamanzere linatsika, phazi lamanja linaponda pansi, kenaka inadikira kuti ng'oma igunde. Amayi amene anali pakhonde anagwira pakamwa. Ndani kuno sadziwa phewa limenelo? Mwana uja wa pansi pa mango sanaphonye kanthu.

A Ines anati anzawo a ku Brazil ankafuna kuti nkhalambayo ikagonja izifa, monga adani ena onse. Malemu anati ameneyo yekha ayi, apo ayi asiya ntchito. Ndiye tinaona mathero ake. Wosewera akapambana, nkhalambayo siigwa. Imatsitsa lupanga, imasuntha pang'ono chakumanja, n'kusiya mpata pamzere, pambali pake penipeni, kuti winayo alowepo.

A Faustino anati bwerezani. A Ines anabwereza. Anatinso bwerezani. Kenaka analowa m'nyumba, tinamva akutsegula sutikesi.

Malemu asiya mwana mmodzi, Olga; mayi wa mwanayo, a Ines; bambo awo, a Faustino; alongo awo awiri, a Priska ndi a Rosita; ndi ife amalume ndi azakhali. Banja likuthokoza a Hamza, amene anasambitsa mbale wathu, namuperekeza mpaka kuno. Mulungu akudalitseni, bambo, mwatiposa ife eni ake. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala, ansembe ndi kwaya, amayi a mpingo amene aphika, adzukulu amene akumba manda, asodzi amene asiya makoka awo lero, ndiponso anzawo a ku Brazil amene atumiza mawu a chipepeso.

Chomaliza ndi chidziwitso. Mwambo wathu ndi woti boma la mganda limaperekeza wovina mnzawo yekha, ndipo malemu sanavinepo. A Faustino apempha akuluakulu a boma, ndipo avomera. Tikanyamuka pano kupita kumanda, mganda utsogola, a Faustino avala zoyera zija, bondo lotupa lomwelo. Pambali pawo muona mpata wa munthu mmodzi. Chonde, achinyamata, musathamangire kuutseka poganiza kuti mzere walakwika. Malo amenewo ali ndi mwini wake.

A Lázaro, mphwanga, munkandifunsa Lamlungu lililonse ngati akufunsaniko. Akuitanani. Lowani pamzere, ndipo mzimu wanu uwuse mumtendere.