Tsiku Limene Mabanka Anga Anakanidwa

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mumandidziwa, ndine mmisiri wa matabwa wa kuseri kwa njanji uja. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo chibwerereni kuno ku Cuamba sindinagwirepo ina.

Chaka chatha a konselyo, oyang'anira mzinda wathuwu, analengeza kuti akufuna mmisiri wopanga mabanka atsopano a mumsika, aja amayi amayalapo tomato ndi usipa. Anati aliyense alembe mtengo wake ndi matabwa amene adzagwiritse ntchito, amate chikalatacho. Tinapereka amisiri asanu, ndipo anazitsegula tonse tikuona. Mtengo wanga sunali wotsikitsitsa ayi, koma ndinalonjeza mlombwa wouma, wokhalitsa. Anasankha ine. Ndinasaina kontarato: mabanka makumi atatu, mlombwa wouma, miyezi iwiri. Tsiku limenelo ndinavina, abale, nkhalamba ine ndinavina.

Sabata isanathe, foni inalira kuchokera ku Mandimba. Mayi a kunyumba anali atapita kukaona mwana wathu wamkazi amene anali atangochira. Akuti mayiwo anagwa akuchapa, mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka. Ndinasiya zonse, ndinakwera shapa, minibasi yathu ija. Masabata atatu ndinali pambali pawo m'chipatala, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni. Akandiyang'ana ankafuna kunena kanthu, koma mawu osatuluka.

Pobwerera kuno ndinapeza masiku ambiri a kontarato atatha. Mlombwa wouma ndimagula kwa munthu wina wa ku Ngauma, koma kukafika kumeneko, kusankha, kudikira galimoto, nthawi panalibe. Ndiye ndinagula matabwa apafupi, ongocheka kumene, oti ukakhoma msomali madzi amachita kutuluka. Ndinadziwa. Musaganize kuti sindinadziwe. Zaka zonsezi ndikugwira matabwa, ndingalephere kudziwa thabwa laliwisi? Ndinakhoma, ndinapaka vanishi wambiri, mabanka ananyezimira.

A konselyo anatuma woyendera ntchito, Dona Selina, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza. Anayendetsa dzanja pa banka limodzi, analinyamula mbali, kenako ananunkhiza pansi pake pamene sindinapake.

"Bambo, matabwa awa anachekedwa liti?"

"Chaka chatha, mayi."

Ndinanama, abale. Ine amene ndimakhala pa benchi yachiwiri iyi Lamulungu lililonse, ndinanama osaphethira. Iye sanandikalipire. Anangoti, "Tiyeni tiike banka limodzi padzuwa, ndibweranso Lachisanu."

Lachisanu banka lija linali litapindika, pakati patang'ambika mpata wolowa chala. Anati, "Bambo, sindisaina."

Mtima wanga unawawa. Ndinkati kamwana aka kakudziwa chiyani? Loweruka m'mawa ndinagwira nkhuku ziwiri, ndinazimanga pa njinga, ulendo wa kunyumba kwa Dona Selina. Inde, musandiyang'ane choncho, ndabwera kudzanena zonse. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Ataona nkhuku zija anati:

"Bambo, nkhukuzi sindilandira. Mayi amene adzayale malonda pa banka limenelo amalipira msonkho wa msika tsiku ndi tsiku. Likathyoka mvula yoyamba, ndiye kuti inu ndi ine tawabera tonse awiri."

Ndinalira, bambo wamkulu, pakhonde pa mwana. Ndinamuuza za mayi a kunyumba, za chipatala, za matabwa aja, zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga bwanji simunanene?"

Analowa m'nyumba, anatulutsa kontarato ija, anatsegula tsamba limene ine sindinawerengepo, pakuti Chipwitikizi cha zilembo zing'onozing'ono chimandivuta. Anandiwerengera pang'onopang'ono, akumasulira m'Chinyanja. Munalembedwa kuti wogwira ntchito akagweredwa vuto lalikulu ngati matenda, angathe kulemba kalata yopempha masiku owonjezera. Abale, njira inalipo kuyambira tsiku loyamba. Njira inalipo, koma ine ndinasankha bodza.

Anati, "Kuvomereza si kwa ine, ndi kwa akuluakulu. Koma kalatayo ndikuthandizani kulemba, ndipo zamatabwa aawisi muzilembemo nokha, musabise. Nkhukuzi mukawaphikire msuzi amayi."

Ndinalemba, ndinaphatikiza pepala la kuchipatala. Akuluakulu aja atakambirana anandipatsa masabata asanu ndi limodzi, ndi chenjezo lolembedwa kuti ndikabwerezanso sadzandiitananso pa ntchito ya mzinda. Ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa chinali chilungamo.

Ndisanayambe ndinapita ku Mandimba ndi nkhuku zija. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi mayi a kunyumba, ndinawaululira zimene ndinachita. Kenako anatambasula dzanja lawo labwino lija, anagwira langa, nalimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka: "Pi-ta-ni ku Ngau-ma." Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinawamva bwinobwino chiwagwereni matenda. Aleluya!

Ndinapita ku Ngauma. Mlombwa wouma ndinaupeza. Abale awiri a mpingo uno, sindikutchulani maina koma Mulungu akukudziwani, munasiya minda yanu kudzandithandiza kupala matabwa, osafunsa kanthu. Tinamaliza kutatsala masiku anayi.

Dona Selina atabweranso sanandichitire chifundo ayi. Anayendera banka lililonse, makumi atatu onse, kugogoda, kutembenuza, kuyeza. Lina analikwera n'kulidumphira. Atatha anatulutsa cholembera, anasaina, nati, "Bambo, iyi ndiye ntchito yanu yeniyeni." Lero mukapita kumsika, mbali ya ogulitsa nsomba, mukawaona. Mvula yawapeza, sanapindike ngakhale limodzi.

Mabanka okanidwa aja ndinawaphwasula, matabwa ake ndinawaumika pamthunzi miyezi ingapo. Atauma ndinakhoma chogwirira kuyambira pachitseko cha kunyumba mpaka kumapeto kwa khonde. Mayi a kunyumba atabwera kuchokera ku Mandimba anayamba kugwira pamenepo, phazi limodzi lero, awiri mawa. M'mawa uno ayenda okha kuchokera pamsewu mpaka kulowa m'tchalitchi muno. Ali kumbuyo uko, avala mpango wobiriwira. Mayi, kwezani dzanja anthu akuoneni. Osati ilo, linalo, lija linafa lija.

Mwaona? Mwaona, abale?

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiimitsa ndisanabere amayi a mumsika. Ndikuthokoza kuti anawadzutsa mayi a ana anga. Mtsikana ujanso muzimupempherera, ntchito yake si yophweka. Tsopano imirirani nonse, ombani m'manja, amayi lululutani, mukondwere nafe. Amen!