Mivi Yobiriwira Yoloza ku Geti la Maliro

Lachinayi, pa 14 Ogasiti 2025, pa polisi ya Chipata. Alipo: Sajeni Vailet Mwanza, wolemba, ndi mboni.

Ine, Abednego Chulu, wa zaka 71, wa m'mudzi wa Kaphinde ku Madzimoyo, mlonda wa masana pa siteshoni ya mabasi opita ku Mwami, ndikunena izi pa nkhani ya Ireen Mvula, amene mwamutsekera pomunamizira kuti anazimitsa magetsi anthu akuthawa moto.

Mu Epulo Ireen, wodziwa zamagetsi, anakhoma bokosi lake loyera lochenjeza za moto pakhoma la holo yodikiriramo mabasi. Kudenga anaika tizipangizo tisanu ndi titatu tonunkhiza utsi, ndipo pansi anayala mivi ya timagetsi. Ndinamufunsa ngati bokosilo limafunsa ku Lusaka. Anati: "Ayi, atate. Limaganiza lokha pompano, ngakhale netiweki ichoke. Limayatsa njira imodzi yabwino, zina limazimitsa, kuti batire lisathe komanso anthu asasokere."

Holo ili ndi mageti awiri. Lalikulu lili kumsewu. Laling'ono lili kumbuyo, mapazi makumi atatu kuchokera pa mabenchi. Laling'onolo ndi lodutsira mabokosi a maliro popita nawo kumudzi. Wamoyo sadutsapo ngati sananyamule maliro. Lamulolo silinalembedwe, koma ndakhalapo zaka khumi ndi zinayi, sindinaone wolilakwira. Kiyi wake amakhala ndi ine.

Lachiwiri, pa 12 Ogasiti, magetsi a m'tauni anazima m'mawa. Nthawi ya 2 koloko masana mphepo inagwetsa mbaula ya owotcha chimanga pafupi ndi mabelo a thonje amene anali pa geti lalikulu. Thonje linayaka. Utsi unadzaza holo, munthu osaona dzanja lake. Bokosi linalira. Muvi wa ku geti lalikulu unazima. Mivi yobiriwira inayaka umodzi umodzi pansi, kuthamangira ku geti laling'ono. Ireen panalibe. Anali ku Mwami.

Ndinatsatira mivi ndi kutsegula loko. Anthu anafika pambuyo panga akutsokomola, koma ataona geti, anaima. Sipho, kondakitala wa basi ya ku Mwami, anakuwa kuti: "Madala, bokosi lanulo likutitumiza kumanda tikadali amoyo?" Ena anayamba kubwerera kumene kunali moto. Mayi wina woyembekezera, dzina lake Magalita, anakhala pansi, nati iye ndi mimba yake sangadutsepo.

Ndinavula chipewa. Ndinatuluka pa getilo, ndinabwerera. Ndinatulukanso, ndinabwereranso. Kachitatu ndinaima pakati pake ndi kunena kuti: "Ndadutsa katatu. Wafa ndani? Mwana wanga, dzuka." Magalita anadzuka, anagwira malaya anga, tinatuluka. Amayi ogulitsa malonda m'madengu anatsatira. Utsi utachuluka ku mabenchi a kumanzere, mivi ya kumeneko inazima, ya kukhoma la kumanja inayaka. Ndinaona ndi maso anga. Otsalira anakhota nayo. Sipho anatuluka pomalizira, atabereka nkhalamba yosaona, akuthamanga kuposa onse. Ndinawerenga anthu 63 panja. Palibe amene anapsa.

Nthawi ya 2:20 malata a pa geti lalikulu anagwa. Bokosi linali likulirabe, mivi ikuyakabe, m'tauni monse mulibe magetsi. Amayi anayamba nthungululu.

Madzulo ake ena mwa anthu omwewo anadzadandaula kuno kuti Ireen anazimitsa dala njira ya kumsewu kuti awadutsitse pa geti la maliro. Si zoona. Muvi wa kumsewu ukanayaka, anthuwo akanakhala pansi pa malata aja. Amene anatsegula geti ndine. Amene anawauza kuti adutse ndine. Ngati mwambo walakwiridwa, mlandu ndi wanga, ndipo ndikayankha kwa akuluakulu anzanga, osati iye.

Dzulo Magalita anabereka mwana wamkazi. Mwamuna wake anabwera ku siteshoni kudzafunsa dzina la mwini bokosi. Ndinamuuza kuti ndi Ireen, ndi kuti ali m'chitokosi kuno.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Mutsegulireni Ireen lero, apite akaone mwana amene ampatsa dzina lake. Bokosi lisachotsedwe pakhoma.

Mboni: Abednego Chulu (chidindo cha chala)
Wolemba: Sajeni Vailet Mwanza