Bambo Athu ndi Timu ya Kuseri kwa Galaja

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Mundipirire akuluakulu. Oyenera kuima pano ndi achimwene anga, koma zawakanika, ndiye zagwera ine mwana wotsiriza.

Sukulu anayamba mu 1968, n'kulekezera fomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1979 analowa ntchito yowotcherera zitsulo pagalaja, ndipo mu 1985 anakwatira mayi athuwa.

Mu 1988 anasonkhanitsa anzawo a pagalaja ndi a mumsika n'kuyambitsa timu ya mpira pabwalo lafumbi la kuseri. Zitsulo za magolo anawotcherera okha. Anyamata ankagwira ntchito masana, madzulo n'kumathamanga girisi ali m'zikhadabo. Mayunifolomu ankachapa amayi, ife n'kumayanika pawaya. Malemu anakhala goloboyi mpaka bondo linakana mu 1996, kenaka anakhala mphunzitsi. Timuyi inatenga chikho cha mzinda mu 2003 ndi mu 2011, ndipo osewera ake atatu anagulidwa ndi matimu akuluakulu.

Amalume anandiuza kuti ndime yotsatirayi ndiilumphe. Pepani amalume, palibe pano amene sakuidziwa.

Mu 2019 timu inapambana masewero omaliza oti ilowe ligi yaikulu. Anthu anavina m'misewu. Koma malemu anali ataseweretsa wotseka kumbuyo amene makhadi ake achikasu anali atakwana, woyenera kukhala panja tsikulo. Anaiwala basi. Mapointi analandidwa, timu n'kutsala pomwe inali. Komiti inawachotsa, ana mumsewu n'kumawakuwiza kuti a Chikasu. Iwo sanadziikire kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Ife ana awo, m'malo mowagwira mkono, tinachotsa chithunzi cha timu pabalaza. Loweruka ankakaonera mpira ataima kunja kwa mpanda, pakabowo ka malata, chipewa atachitsitsa kumaso.

Anayamba kuvutika ndi shuga mu 2022, ndipo anatisiya pa 14 Okutobala 2024 ali m'chipatala. Pempho lawo linali limodzi lokha, kuti bokosi lawo lidzanyamulidwe ndi anyamata a timu. Ife kukapempha kunatichititsa manyazi. Achimwene anafika pageti la bwalo n'kubwerera osalowa.

Izi ndawonjezera m'mawa uno. Anyamata, ndakuonani. Mwaima kutsidya kwa msewu, ena mwabisa mayunifolomu akale m'kati mwa majekete. Inunso wotseka kumbuyo, ndakuonani mwaima panokha. Sitinakuitaneni, ndipo pamenepo olakwa ndife. Ligi ija sitingakubwezereni. Koma ndawapempha achimwene ndi alamu kuti bokosili asaligwire. Mukakana tidzamvetsa, tinyamula tokha.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, chomaliza ndi ichi chili kumsanachi. Tithokoze anamwino amene ankawatembenuza pabedi osanyinyirika, eni galaja amene atibwereka galimoto, ndi amayi oyandikana nafe amene akhala ndi mayi athu chimvereni uthengawu.

Bambo, mutikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Inu mwakhala pakhomopo, chonde sunthaniko pang'ono njira ioneke. Tidikira.