Tsiku Limene Anatitcha Anamapopa

Abale ndi alongo, ndisanavale malaya oyerawa ndinali munthu wa mowa. Kwathu ndi ku Katete, ku Zambia. Ndinkaitanira basi pa siteji, ndipo dzuwa likamapendeka ndinkapezeka pa kachasu. Mayi anga anachita kutopa nane.

Nditabatizidwa, mowa ndinausiyadi. Koma kunyada sikunatsale m'madzi muja. Ndinatuluka nako.

Mpingo utandiitana kuti ndidzatumikire zaka ziwiri kuno ku Malawi, unanditumiza ku Liwonde. Mukudziwa kuti ife amishonale timayenda awiriawiri. Mnzanga anali Elda Kabeya wa ku Congo, mnyamata wamtali, wofatsa, wa Chichewa chothyokathyoka. Ine chiyankhulochi ndinayamwira, ndiye ndinkadziona ngati mwini ntchito. Akayamba kuphunzitsa ndinkamudula mawu. Anthu akamuseka, ndinkaseka nawo.

Tinkadzuka m'mamawa, kupemphera, kuwerenga malemba, kusita malaya, kumanga tayi, n'kulowa m'dzuwa la ku Liwonde lija. Pofika masana kolala yafiira ndi fumbi. Tinkaphunzitsa m'makonde ndi pansi pa mitengo ya mango. Pena tinkapinda manja a malaya n'kuthandiza kupalira. Ena ankatipatsa mpando, ena ankatimasulira galu. Lolemba tinkachapa ndi kuyankhula ndi akwathu. M'zonsezi ine ndinkafuna chinthu chimodzi: zimveke kuti ine, Elda Sakala, ndimabatiza anthu.

Kenako kunabuka mphekesera. Ankati kwabwera anamapopa, alendo opopa anthu magazi ali m'tulo. Poyamba tinkazimva m'minibasi, anthu akuseka. Posakhalitsa kuseka kunatha. M'midzi mabanja anayamba kugona panja pamodzi, malikhweru ali m'khosi. Mtsogoleri wathu anaimba foni n'kutiuza kuti tisatuluke m'tauni.

Koma kwa Mposa kunali banja la a Namakhwa, alimi a mpunga, limene tinkaliphunzitsa. Anali atatsala pang'ono kubatizidwa. Elda Kabeya anati, "Tisapite. Atiletsa." Ndinamuyankha kuti mantha ndi a anthu opanda chikhulupiriro. Poti sakanandilola kuyenda ndekha, ananyamula chikwama chake n'kunditsata.

Titatsika kabaza ndinaona kuti mudzi wasintha. Ana amene ankatithamangira anaima patali, ali duu. Mayi wina pa mjigo anasenza ndowa isanadzaze. Pamsewu panali chipika chopingasa. Tinapereka moni, palibe anayankha.

Bambo Namakhwa atationa, nkhope inagwa.

"Ana inu, mwabwereranji lero? Iyayi, lowani msanga."

Tisanafike pakhomo, likhweru linalira kuseri kwa nthochi. Lina linayankha kumunsi. Anthu anatulukira mbali zonse, ena ndi mipini, ena ndi zikwanje. Mnyamata wina ananyamula chigubu, ndipo fungo la petulo linandipeza iye asanafike.

Anatilanda zikwama n'kuzikhuthula pansi. M'changa munagwa malemba okha. M'cha Elda Kabeya munagwa botolo lathu la madzi, lomwe linali ndi sefa ndi kapaipi mkati, lotiteteza ku matenda a m'mimba.

"Chopopera chija ndi ichi!"

Elda Kabeya anayesa kufotokoza, koma Chichewa chinamuthawa, n'kutuluka Chifalansa. Zinaipiratu. Mwala unamupeza pamphumi.

Bambo wina wa chikwanje anandigwira tayi.

"Iwe ukuyankhula ngati mwana wa konkuno. Ameneyu ndi mnzako, kapena wakulemba ganyu yomulondolera njira? Ngati ndi ganyu, nyamuka."

Anthu anapatuka n'kundisiyira njira. Ndinaiona bwinobwino mpaka ku msewu. Phazi langa linasuntha lokha.

Ndinacheuka. Elda Kabeya anali atagwada m'fumbi, magazi akudontha pa malaya. Anandiyang'ana n'kundikodola ndi mutu kuti ndizipita.

Abale, china chake chinasweka mwa ine. Munthu amene ndinkamuseka, amene ndinamukokera ku imfa, akundipatsa moyo wanga kwaulere. Nkhani ya Ambuye ndinali nditaiphunzitsa m'makonde ambiri, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaimva.

"Ndi m'bale wanga," ndinatero. "Iye anakana kubwera kuno, ndamukakamiza ndine. Ngati mukuotcha, yambani ndi ine."

Musaganize kuti ndinalimba mtima. Mawuwo anachokera kwina.

Anandigwetsera pambali pake. Wa chigubu uja anayamba kutsegula chitsekerero.

Pamenepo mayi Namakhwa anadutsa pakati pa amuna aja, mwana ali kumsana. Anatola botolo lija n'kumwa, anthu onse akuona. Anatsitsa mwana, n'kumumwetsa nayenso. Otsalawo anathira pansi.

"Magaziwo ali kuti? Awatu ndi madzi. Ana a eni ake awa adya m'mbale mwanga, ndipo m'nyumba muno palibe amene wapopedwa."

Anthu anayang'anana. Sanakhutire, koma anazengereza. Bambo Namakhwa anatikankhira m'nyumba, n'kutseka chitseko, iwo n'kukhala pansi pakhomo chimanjamanja.

Masana onse miyala inkagwa pa malata. Mawu ankachepa, kenako n'kukweranso. Tinkamva mapazi akuzungulira kuseri kwa nyumba.

M'katimo Elda Kabeya anatulutsa kabotolo ka mafuta odzozera odwala n'kundipatsa kuti ndimudalitse. Ndinalira. Ndinamuuza kuti manja anga ndi osayenera. Anagwira manjawo n'kuwaika pamutu pake.

"Manja ndi ako," anatero m'Chichewa chake chija. "Mphamvu si yako."

Ndinapemphera. Kanali koyamba kupemphera osamvetsera kukoma kwa mawu anga.

Dzuwa litapendeka tinamva galimoto ya apolisi. Amene anawaimbira sindimudziwa mpaka lero.

Apolisi atatichotsa kumeneko, mpingo unatisamutsira kuno ku Balaka. Elda Kabeya anamaliza utumiki wake n'kubwerera kwawo ndi chipsera pamphumi. Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. A Namakhwa anasalidwa kwa nthawi yaitali. Anzawo anasiya kupala moto pakhomo pawo, ndipo pokolola mpunga anakolola okha. Sanabatizidwe, ndipo sindiwaimba mlandu. Chimene anachita tsiku lija, ine wa tayi ndinatsala pang'ono kuchilephera.

Mphekesera zija zinazilala, koma mantha sanapite kutali. Akugona m'mitima mwathu, kudikira likhweru lina. Tsiku limenelo likadzafika, aliyense wa ife adzafunsidwa za munthu amene wagwada m'fumbi: ameneyu ndi wako kapena ayi?

Ndikuyamika Mulungu amene anandigwira phazi lisanapondenso kachiwiri. Ndikudziwa kuti Yesu ali moyo, ndipo sanandikane pamene ndinali woyenera kukanidwa. Ngati alipo pano amene wavala bwino kunja koma mkati akudziwa yekha, asadikire fungo la petulo ngati ine. Bwerani lero, kukadali bata.

Umboni wangawu ndaupereka m'dzina la Iye amene anandiombola, Yesu Khristu. Ameni.