Masamba a Lufeyo Pamsewu wa ku Rotherham

Aleluya! Ndati aleluya, mpingo! Simunadye kodi? Chotsa maikolofoniyo, mwana wanga, ine ndidabadwa nayo pakhosi pano.

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Amene mwachokera ku Sheffield ndi ku Leeds mwina simundidziwa. Ndine Gelesoni wa ku Dowa. Ndatsuka mabasi kuno ku Rotherham mpaka mawondo adakana. Sukulu ndidangoinunkhiza, choncho musayembekezere mavesi ambiri. Ndipo ndikuchenjezeretu: uwu ndi umboni wa munthu wokwiya. Mulungu akudziwa, ndidamuuza kale.

Ndidali ndi mng'ono wanga, Lufeyo, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula pamsika wa kwathu. Munthu wanthabwala, woti ukakhala naye umagwira nthiti. Mkazi wake adali Esinati, ndipo nthawi imene ndikunenayi Esinati adali woyembekezera.

Idali nthawi ya chipani chimodzi. Ana a lero simudziwa. Pakhomo la msika pamaima anyamata a chipani: khadi, khadi, khadi! Wopanda khadi salowa. Tsiku lina adamuimitsa Esinati. Khadi lake ali nalo m'manja. Iwo akuti ayi, gulaninso la mwana ali m'mimbayo. Wina nkuyamba kumukoka chitenje pagulu. Lufeyo adaponya nyundo pansi. Mumvetse bwino, adaiponya pansi! Adamukankha mnyamatayo ndi manja okha. Mnyamata adagwa chagada, mutu pamwala wa ngalande. Pofika kuchipatala nkuti atatsirizika.

Sindikuti imfa ya mnyamatayo idali yabwino, ayi. Nayenso adali mwana wa munthu. Koma imvani zimene lidachita lamulo.

Mlandu sudapite kwa majaji ophunzira. Udapita kukhoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kupondako. Ndipo lamulo la nthawiyo lidali ndi khomo limodzi lokha. Khoti likangoti wapha mwadala, ndi chingwe basi. Lufeyo adakweza dzanja kuti afotokoze za chitenje chija. Adamuuza kuti, “Tsitsa dzanja, sitili m'kalasi muno.”

Ndinkapita kundende kukamuona, ulendo wautali wa basi, nditanyamula mtedza wokazinga. Tsiku lina msilikali wa pageti adalowa m'kati, nkutuluka ndi malaya m'manja.

“Munthu wanu uja kulibe. Awa ndi ake.”

Ndati, “Kulibe, wapita kuti?”

Akuti, “Bambo, muli ndi ana? Pitani kwa ana anu.”

Ndati, “Nanga mtembo?”

Akuti, “Mtembo ndi wa boma.”

Mtembo ndi wa boma! Abale anga, boma lidamuberekapo Lufeyo? Boma lidamuyamwitsapo?

Nditafika kumudzi ndidachita zomwe munthu aliyense amachita. Ndidathyola nthambi zaziwisi nkuyala pamsewu, uku ndi uku, kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Mwambo wathu mukuudziwa. Wapanjinga amatsika. Wachipewa amavula. Galimoto imadutsa pang'onopang'ono. Ngakhale wamisala akamwalira timamuyalira masamba! Koma dzuwa lisanapendeke anyamata a chipani adafika. Adakankha masamba aja ndi mapazi mpaka m'ngalande.

“Mukulira ndani pano? Wolira chigawenga nayenso ndi chigawenga!”

Mayi athu adaluma chitenje kuti mawu asatuluke. Ine ndidathamangira kwa mkulu wa mpingo wathu, ndati tiyeni mukangotipempherera m'nyumba, chamumtima. Adandiyankha ali kuseri kwa chitseko: “A Gelesoni, ndili ndi banja.”

Sitidalire. Sitidaimbe. Sitidamete. Esinati sitidamusudzule, poti ungamasule bwanji mkazi wamasiye pomwe maliro sadachitike? Adangokhala choncho, wamasiye ayi, wapabanja ayi. Mwana wawo, Malita, nkuti akukwawa. Mayi athu adatilumbiritsa tonse kuti mwanayu azimva kuti bambo ake adapita ku Joni nkutchona. Ankaopa kuti kusukulu azidzamuloza chala, uyo mwana wa wonyongedwa.

Tchalitchi ndidasiya tsiku la chitseko lija. Ndidati ngati Mulungu amaopa anyamata a chipani, akhale kwake, ine kwanga.

Tsopano onani mmene lamulo limasekera amphawi. Sizidapite zaka zambiri, matipate adabwera. Makhoti aja adathetsedwa. Kunyonga kudaima. Ine ndidabwera kuno ku Mangalande kudzafuna ntchito, ndipo ndili konkuno ndidamva kuti majaji a kwathu anena kuti lamulo la khomo limodzi lija nlolakwika, munthu ayenera kumvedwa kaye. Adayamba kumva kachiwiri milandu ya anthu amene ankadikira chingwe. Ena adabwerera kumudzi ndi mapazi awo, amayi akululutira. Mukuganiza kuti ndidavina nawo? Ayi! Ndidati, nanga Lufeyo? Lamulo likati pepani ndidalakwa, limapepesa ndani? Dzenje?

Kudepoti ya mabasi ndinkagwira ntchito ndi mzungu wachikulire dzina lake Alan. Tsiku lina tidapita ku Leeds, tili pamwamba pa basi, adandilozera chinyumba cha miyala yakuda ngati linga. Akuti, “Geli, umo ankanyongeramo anthu, nkuwakwirira momwemo kuseri kwa mpanda. Tidasiya zimenezo ine ndili kamnyamata.” Ndidamufunsa kuti liti. Atatchula, ndidaona kuti ndi zaka zomwezo zimene ife tinkavina kulandira ufulu.

Abale! Eni chingwe adachitaya kwawo, ife nkuchitola! Adatisiyira njanji, adatisiyira tiyi, adatisiyira chingwe, ndipo pa zitatuzo chimene tidachisamala bwino ndi chingwe! Ndidakuwa m'basimo mpaka dalaivala adaimitsa nkubwera kudzaona ngati wina wabayidwa.

Kuyambira pamenepo ndidasanduka chilombo. Ndikaweruka, mowa. Ndikadzuka, kutukwana wailesi. A Malawi anzanga akandiitana kumapemphero ndinkawathamangitsira pageti. Ena muli muno, musayang'ane pansi, ndikukuonani. Ndinkati ndidzafera m'chipinda chozizira, a khonsolo ya mzinda adzanditaye, ndifanane ndi mng'ono wanga.

Kenaka kunabwera Malita. Mwana wokwawa uja, tsopano mayi wamkulu, wabwera pa ntchito ya keya, yosamalira okalamba. Anafikira kwa ine poti ndine bambo ake aakulu. Uyo wakhala apoyo. Imirira akuone. Basi khala.

Lamulungu lina anabwera kunyumba ndi mnzake wa ku Zambia, amayi Tembo, akuchokera kuno kutchalitchi. Akumwa tiyi, amayi Tembo akutinyoza mwa nthabwala zawo zija: “Ise ku Zambia tinacosa kale cilango ca imfa. Imwe a Malawi mukali gone!”

Malita akuti, “Ine ndiye ayi. Wopha mnzake aphedwe. Ndipo amuna othawa ana, ngati bambo anga aja, awaphatikize pomwepo.”

Ndinamenya tebulo mpaka makapu anadumpha.

“Iwe Malita! Tseka pakamwa pako!”

“Bambo aakulu, ndalakwanji?”

“Chingwe ukuitanacho chidabwera kale pakhomo panu! Bambo ako sadathawe. Ku Joni sadapondeko. Adafera chitenje cha mayi ako, chimene chidakokedwa iwe uli m'mimba!”

Mayi athu amene adatilumbiritsa adagona kalekale, ndipo ine sindikanalola kuti Lufeyo anyongedwe kachiwiri patebulo langa. Ndinalowa kuchipinda nkutulutsa malaya aja. Ndayenda nawo zaka zonsezi. Ndinamuuza zonse, za khadi, za khoti, za masamba.

Anaika malaya aja pamiyendo. Kenaka akuti, “Manda ali kuti?”

Ndati, “Kulibe.”

“Maliro adachitikira kuti?”

Ndati, “Sadachitike.”

“Ndiye amayi anga akhala akudikira chiyani zaka zonsezi?”



Malita anaimbira foni abusa athuwa pomwepo. Abusa akuti Loweruka tikubwera ndi mpingo. Ndinalanda foni, ndati, “Abusa, musanamizidwe, munthuyu ndi wonyongedwa.” Ndimayembekezera chitseko china. Iwo akuti, “A Gelesoni, kodi Amene timamupembedzayu adafa ndi malungo? Si boma lidamupachika? Ndipo ngakhale boma lankhanza limenelo lidapereka mtembo kuti amayi akaulire. Inu adakulakwirani kawiri.”

Zaka zonsezi ndimayesa Mulungu adali kuseri kwa chitseko chija pamodzi ndi mkulu wa mpingo. Kani adali kundende ndi Lufeyo!

Loweruka m'mawa ndinatenga chikwanje nkusadza nthambi za mpanda wa maluwa kuseri kwa nyumba. Ndinayala pamsewu wa pakhomo panga, uku ndi uku. Mayi wachizungu woyandikana nane anatulutsa mutu pawindo, akuti a khonsolo adzakulipiritsa chifukwa chotaya zinyalala. Ndati, “Abwere! Ndidaonapo oposa khonsolo ine!” Malita anapita kukawafotokozera bwinobwino mu Chingerezi chake chosalala. Mayi aja anatseka windo.

Inu munabwera. Ena mutangoweruka kushifiti, maso ali psuu, yunifolomu ili m'thupi. Amayi munakhala pansi m'nyumba ngati kumudzi, malaya a Lufeyo ali pakati. Alan anabwera ndi ndodo yake, anavula chipewa asanafike pamasamba, popanda womuuza. Ndipo pafoni, pa vidiyo, tinaona ku Dowa. Nakonso ayala masamba pamsewu womwe uja. Esinati, gogo wa imvi mbuu, akulira mwamuna wa pa utsikana wake, kulira kokweza, kotchula dzina: “Lufeyo! Lufeyo ine!” Malita naye kuno: “Ababa! Ababa!” Mawu amene mayi anga adaluma m'chitenje anatuluka tsiku limenelo. Ine ndinalira ngati ng'ombe, msewu wonse unamva.

Tili m'kati moimba, kunatulukira basi ya m'tauni, yaikulu, yosanjikizana. Inafika pamasamba. Inachepetsa liwiro. Inadutsa pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka kupitirira nthambi zomaliza. Mwana wina wophunzira anandiuza kuti dalaivala amangoopa kuponda anthu. Ndati usandiuze, sindinakufunse! Basi ya ku Mangalande inapereka ulemu kwa wokhoma zidebe wa ku Dowa!

Sabata yotsatira kumudzi anameta. Abale athu anamusudzula Esinati mwamwambo. Akuti tsopano amagona tulo.

Lero moyo wanga ndi uwu. Mowa ndinasiya. Lamulungu ndimafika kuno m'mawa kudzayala mipando, ndipo ndimaimba besi, ngakhale akwaya amati ndimawaphimba. Malita amanditengera kuchipatala mawondo akavuta, ndipo akamanena za Lufeyo amati “bambo anga” mutu uli m'mwamba.

Zikomo abusa, chifukwa munatsekula chitseko. Zikomo amayi Tembo, chipongwe chanu chinabala zabwino. Zikomo mpingo wonse. Koma musandipempherere kuti mkwiyo wonse uchoke, ayi, kanthu kena musiye. Kwathu chingwe sichikugwira ntchito, koma m'malamulo chikadalimo, achikoleka pamsomali. Chokoleka pamsomali wina amadzachitsitsa. Pemphererani kuti achiwotche ine ndikadali ndi maso.

Masamba aja, a khonsolo sanabwere kudzawachotsa. Anakhala m'mbali mwa msewu mpaka anauma okha. Palibe amene anawakankha ndi phazi.

Ambuye alemekezeke. Ndati alemekezeke! Amen.