Chipsera cha Enoch

Pamzere wa shopu yosindikiza zithunzi mu Chipata, mayi wina anaonetsa foni yake kwa bambo amene anali patsogolo pake.

"Pepani bambo, chithunzichi chikuoneka bwino? Ndi mlongo wanga Enoch. Anasowa Lolemba, ndiye ndikufuna kuchimata pa siteji ya basi."

"Mwachikonza ndi pulogalamu yanji? Nkhope yosalala ngati ya khanda!"

"Ija imakongoletsa yokha. Choyambacho chinali ndi mdima."

"Ali ndi chizindikiro chilichonse?"

"Chipsera pamwamba pa diso."

"Nanga chili kuti?"

"Mayo ine! Yachifufuta."

"Isiyeni imeneyo, mayi. Pezani yongowalitsa ndi kudula basi."

"Koma dzulo ndinamata kale zithunzi zomwezi makumi awiri ku Tamanda. Ndiye anthu akufunafuna ndani?"