Msamariya wa Njinga Yofiira

Pamsika wa Chitipa, mayi wina wachikulire wotupa bondo anaona kuti kuchipatala sakafika wapansi. Anatsimphina n'kukaima pafupi ndi bambo wa kabaza.

"Monire adada. Munaonera sewero la pa TV dzulo?"

"La Msamariya lija? Ndinaonera, amama."

"Munthu ali gone pamsewu, abusa anangodutsa pa galimoto, fumbi koboo! Anaima ndani?"

"Wa njinga yamoto."

"Yofiira ngati yanuyi. Ine bondoli landikanika, mwana wanga."

"Amama, lija ndi sewero. Uja mafuta anamuthirira ndi a TV."

"Ooh, ndiye inu ndinu abusa aja?"

"Iii, zisafike pamenepo! Kwerani, mugwiritse."

"Yewo chomene. Paja mnzanu uja anamugulira wodwalayo ndi mandasi omwe."